Mtsuko Wosowa Mnzake

Zaka musandifunse. Sukulu ndinalekeza pomwe aphunzitsi anayamba kutiwerengetsa mbuzi zomwe panalibe, ndipo kuyambira pamenepo ndimawerenga zokhazo zomwe ndagwira m'manja. Chomwe ndikudziwa n'chakuti ndinayenda. Mvula inkagwa n'kukata, kugwanso n'kukatanso, mpaka chitenje chomwe ndinanyamuka nacho chinatha n'kusanduka nkhata.

Ntchito yanga inali ya miphika. Kuumba sindinkadziwa, ndinkapikula kwa oumba n'kumakagulitsa m'misika. Lamulo la ntchito imeneyi ndi limodzi: katundu amene wamufuna, usamuyamikire. Ukangoti mphikawu ndi wabwino, mtengo wakwera kale. Umaugogoda ndi chala, n'kumva kuti ukulira bwino, mtima n'kudumpha, koma pakamwa umati wapendekeka, wapsa mbali imodzi, dongo lake ndi lamchenga. Ndi lamulo limeneli ndinalera mwana wanga mmodzi yekhayo, Ndaziona, bambo ake atapita kokafuna ntchito osabwerako.

Tsiku lina pamsika wa m'mphepete mwa minda ya tiyi panafika nkhalamba, a Likaka, omwe anaphikira mzungu wa paesiteti mpaka imvi mbuu. Abwana awowo pobwerera kwawo anawasiyira mitsuko iwiri yoikamo maluwa. A Likaka anati iwo maluwa sadya, chomwe akufuna ndi mtsuko woziziritsa madzi. Anamasula bulangete pamaso panga.

Ndagwira miphika yambiri, koma zotere ndinali ndisanazione. Kutalika kwake ngati mkono kuchokera pachigongono mpaka kunsonga ya chala, khosi lowonda, mapewa otsetsereka ngati a namwali wosenza madzi. Kuyera kwake ngati chinangwa chongosendedwa kumene. Pamwamba pa kuyerako panali buluu, koma osati buluu wochapira uja timaviika malaya. Pena anali wakuda ngati mtambo wa mvula, pena wopepuka ngati utsi, zonsezo mtundu umodzi. Panali phiri, mtengo wa paini wopindika, mafunde, ndi akakowa atatu. Pa mtsuko umodzi panali mayi wa ambulera akuponda pamlatho, mlathowo n'kuthera mu nkhungu. Pa winawo mlatho unkatuluka mu nkhungu n'kukafika pakanyumba kotsegula chitseko. Ukaigundaniza, mlatho unkalumikizana.

A Likaka anati inachokera ku Japan, kuseri kwa nyanja zamchere, ndipo ndi yakale kuposa agogo a abwana awo. Anatinso imeneyi ndi mapasa, saisiyanitsa.

Ine ndinati khosi lake chikho sichingalowe, pamoto singakhale, madzi singaziziritse, ndiye ntchito yake n'chiyani, kudyetsa maso? Ndinainyoza mpaka nkhalamba ija inayamba kupepesa. Ndinaitenga yonse iwiri posinthanitsa ndi mtsuko umodzi wa madzi, n'kuika kamphika ka ndiwo ngati basela. Popita kunyumba ndinaikumbatira pachifuwa ngati makanda.

Ndaziona nthawi imeneyo anali atakula, ndipo anali ataphunzira kuumba kwa amayi omwe ndinkapikulako. Mitsuko ija itafika anasiya kucheza ndi anzake. Ankaiyang'ana, n'kupita kudongo, kubwera kudzayang'ananso, kupitanso. Chilimwe china anawotcha mtsuko wa khosi lalitali, mapewa ake otsetsereka chimodzimodzi, wofiira ngati chulu chomwe chiswe changoumba. Anabwera nawo m'mawa ndikumanga dengu, n'kugwada, n'kunena kuti amayi taonani.

Ndinaugogoda. Unalira ngati belu.

Ndinati khosi lapendekeka, ndani angagule chimenechi.

Sanalire. Anangondifunsa ngati pa zinthu zonse zomwe anapanga chibadwire chinalipo chimodzi chosapendekeka. Ndinamuyankha kuti ndachedwa kumsika, zolongolola tidzachite mawa. Pobwerako masana ndinapeza mtsuko wake uli mapale pamwala wonolera mipeni, iye palibe, ndiponso mtsuko wa ku Japan wa kanyumba uja palibe. Anandisiyira wa mayi wa ambulera. Ndinatola khosi la mtsuko wake, linali losasweka, n'kuliika pathebulo kuti ndione pomwe linapendekeka. Linaima chilili.

Ndinadikira dzinja limodzi ndikunena kuti njala imubweza. Njala sinamubweze. Chithunzi chake ndinalibe, komanso nkhope anthu amaiwala. Wina aliyense ndi mtsikana wakuda pang'ono, wamtali pang'ono. Koma munthu amene waona mtsuko ngati umenewu saiwala. Ndinaukulunga m'chitenje, ndinauika pakati pa miphika m'dengu, ndinatseka chitseko.

Kulikonse ndinkachita chimodzimodzi. Ndinkayala chitenje pansi, kuimika mtsuko, kudikira anthu asonkhane, kenako kufunsa ngati anaonapo mtsikana atanyamula mnzake wa uwu.

Koyamba kunali kumudzi wa okhoma zidebe, kumene phokoso limayamba dzuwa lisanatuluke ndipo nkhuku zakumeneko n'zogontha. Mkulu wawo, bambo wa zala zitatu dzanja limodzi, anaona mtsuko n'kukweza nyundo m'mwamba. Mudzi wonse unakhala chete. Anaugwira pakhosi ndi zala zake zitatuzo, n'kuugunda ndi chikhadabo. Mawu ake anatuluka opyapyala, anayenda, anazungulira mtengo wa mango, ndipo palibe anatsokomola mpaka atatheratu. Kenako anaukweza kuloza dzuwa n'kundiuza kuti ndisuzumire pakamwa pake. Kuwala kunkalowa kudzera m'khoma la mtsuko, ngati mmene kumachitira m'khutu la khanda.

Anati moto umene unawotcha ichi si wa makungwa ndi udzu ngati wathu, ndi moto woti chitsulo chimasungunuka, ndipo umayaka masiku. Anati dongo likapirira moto wotero limapyapyala koma silifooka.

Ndinati abambo, ine ndafunsa za mtsikana, za moto ndi zanu. Anaseka, n'kunena kuti anadutsa, papita kukolola kumodzi, analowera kunjanji. Nyundo zinayambanso.

Tawuni ya njanji inali ya fumbi lakuda, ndipo sitima inkabwera ikafuna. Ndinayala chitenje pansi pa khonde la wolemba zikwangwani, munthu wowonda wa penti m'ndevu. Iyeyu anagwada pansi osandipatsa n'moni womwe. Anauzunguza mtsuko pang'onopang'ono, milomo ikuyenda. Anati amene analemba izi analemba dongo lisanawotchedwe, pomwe limamwa utoto ngati mchenga umwera madzi. Pamenepo palibe kufufuta. Phiko lililonse la kakowa ndi kukoka kumodzi kwa burashi, ukanjenjemera wanjenjemera mpaka kalekale. Iye akalakwitsa chilembo amapakapo penti woyera n'kuyambanso. Anati munthu uyu analibe poyambiranso.

Kenako anandiloza kakowa wachitatu. Mwendo umodzi unali wautali kuposa unzake.

Ine amene ndimaona mng'alu pamphika uli pamutu pa munthu kutsidya kwa msewu, ndinali nditauyang'ana mtsuko umenewu mvula zingapo osauona mwendowo. Ndinafunsa ngati ndiye kuti wolembayo analakwitsa. Anati analakwitsa, n'kuusiya, n'kupitiriza ndi mafunde, ndipo taonani mafundewo.

Za mtsikana anati anamuona, anakhala pomwe mwakhalapo, anafunsa ngati pali dongo labwino kumwera.

Kumwera kunali mitsinje. Pa wina, mvula itangokata, ndinalowa m'madzi dengu lili pamutu chifukwa mwini bwato anatchula mtengo wachipongwe ndipo anakana kunenerera. Pakati pamtsinje mwala unaterera. Manja anga sanandifunse: anasiya dengu n'kugwira chitenje cha mtsuko. Miphika khumi ndi iwiri inayandama pang'ono, ikuzungulira ngati ikutsanzika, kenako inamira umodziumodzi. Kuyambira tsiku limenelo sindinalinso wamalonda. Ndinkapalira minda ya eni, kusenda mtedza, kuswa miyala, n'kupitirira.

M'zaka zimenezo ndinayamba kuona kuti mayi wa ambulera akusuntha. Ponyamuka kwathu anali atangoponda thabwa loyamba. Nditaumitsa mtsuko kutsidya kwa mtsinje uja anali pa thabwa lachitatu. Ndinauza mayi wina amene ndinkapalira naye, iye anati ndi njala imeneyo, idyani. Mwina inali njaladi. Koma ndinkawerenga matabwa, ndipo zowerenga zomwe ndagwira sindiphonya.

Kunali mudzi wa ophika mchere, kumene anati sanamuone. Kunali mudzi wa oluka mphasa, kumene anati anamuona koma mtsuko analibe, ndipo ine ndinati ndiye si iyeyo. Kunali malo ena a maliro okhaokha, kumene anandipempha mtsuko kuti aikemo maluwa pamwambo, ndinawabwereka, n'kukhala pafupi nawo ngati namfedwa mpaka anandipatsa chakudya cha achibale. Mano awiri ndinawasiya kumeneko.

Kenako ndinafika mumzinda. Anthu anandilozera sitolo ya zinthu zakale, mmene munali mawotchi oima, mipando ya anthu akufa ndi fungo la nkhungu. Mwini wake anali bambo wonenepa wa magalasi olendewera pachingwe. Anautembenuza mtsuko n'kuyang'ana kunsi, pomwe pali tizilembo ta buluu tonga mapazi a nkhuku. Anatiyang'anitsitsa ndi magalasi ake. Ndiye anayamba.

Anati zoterezi n'zambiri, zimabwera m'makatoni. Anati mkombero wakutha. Anati kakowa uyu mwendo wake ndi wolakwika. Anati chachikulu n'chakuti uli wokha, mtsuko wotere wopanda mnzake ndi ngati nsapato imodzi, koma poti mwayenda mtunda, mayi, ndingokuthandizani.

Ndinkangoyang'ana chala chake chachikulu. Pakamwa pankanyoza, koma chalacho chinkasisita phewa la mtsuko mmwamba ndi pansi, mofatsa, ngati akugoneka mwana. Chala chimenecho ndinkachidziwa. Ndi changa.

Ndinati sindikugulitsa, ndingofunsa chimodzi: ndi wabwino kapena ayi?

Anati zimatengera.

Ndinati abwana, sitolo ndi yanu, ine ndikutuluka, simutaya kanthu. Ndi wabwino kapena ayi?

Anavula magalasi, anawapukuta, anatchula mtengo wina wokwererapo. Ndinafunsa kachitatu. Anakwezanso. Mawu awiri okha ndi amene ndinkafuna, ndipo ndinaima pamenepo nditatambasula manja, ndikuona kuti munthuyu akhoza kundipatsa sitolo yonse koma mawuwo ayi. Ndinakulunga mtsuko wanga. Panja ndinakhala pamwala wa ngalande nthawi yaitali, magalimoto akudutsa, ndikuona m'maganizo mtsikana wanga atagwada pafupi ndi dengu.

Nditachoka mumzinda ndinasiya kuyala chitenje. Ndinkangoyenda m'misika ndikuyang'ana miphika, poti maso a ntchito satha ngakhale ntchito itatha. Pamsika wina wa m'chigwa, wa mphepo ndi mbuzi, ndinaona mtsuko wa madzi wofiira, wa khosi lalitali. Pansi pa khosi, pomwe ena amalemba mizere, panali kachidutswa koyera kokanikizidwa m'dongo, kakang'ono ngati chikhadabo. Pa kachidutswako panali nthambi ya paini ya buluu.

Ndinakhala pansi pomwepo.

Choyamba chinali mkwiyo, sindinama. Ndinati chitsiru cha mwana, chinthu chinawoloka nyanja zamchere osasweka, chinapirira mzungu ndi a Likaka, n'kudzathera m'manja mwako. Wogulitsa anandifunsa ngati ndikugula kapena ndikulankhula ndi mizimu. Ndinaugogoda mtsukowo. Unalira mpaka mbuzi inatembenuka.

Wogulitsayo anati imeneyi ndi ya aNachisale, sikhalitsa pamsika, amayi amalimbirana chifukwa cha kadiso kabuluuko, amati madzi ake amakoma. Chisale ndi mfunda wa bambo a mwana wanga. Ndinafunsa komwe amapikula. Anandiyang'ana ngati ndikufuna kumulanda malonda, n'kuloza ndi mlomo kumapiri.

Kuyambira pamenepo njira inali yolembedwa. Msika uliwonse ndinkapeza umodzi kapena iwiri, pena pamutu pa munthu, pena pakhonde la eni. Apa funde. Apo nsonga ya phiri. Kwina thabwa la mlatho, kwina ngodya ya denga. Mtsuko wa mapasa uja unali utamwazikana dziko lonse, nyumba iliyonse kachidutswa kake, ndipo anthu omwe sanamvepo za Japan ankamwa madzi pansi pa mafunde ake. Ndinkausonkhanitsa m'mutu pamene ndikuyenda. Chitseko chokha sindinachione.

Mudzi wake unali pansi pa phiri la dothi lofiira, ndipo ndinafika dzuwa lili paliwombo. Utsi wa makungwa unkatuluka kuseri kwa nyumba ina. Pabwalo panali mayi atatambalala, akusalaza mtsuko wauwisi ndi kamwala. M'mutu mwake munali mutayamba imvi. Ndinaima ndikufufuza mtsikana wanga kumbuyo kwake, kenako ndinaona mmene wapindira chala chaching'ono pogwira kamwalako.

Anandiona. Anasamba m'manja, anayala mphasa, anagwada patali n'kundipatsa moni wa alendo, wofunsa za kumene ndachokera ndi omwe ndawasiya. Ndinayankha moni wa alendo. Kenako tinakhala, nkhuku zikudutsa pakati pathu.

Ndiye anati, “Ngati mwabwerera mtsuko wanu, amayi, unasweka.”

Ndinati ndaona.

Anafotokoza akuyang'ana pansi. Unagwa pa lole chaka choyamba chomwe, pamene anali atatembenuka kale kuti azibwerera kunyumba. Anatola zidutswa zonse mumsewu n'kuzimanga pansonga ya chitenje. Anati akanabwera bwanji kwa ine ndi mapale, ine amene ndinkakumbutsa za kapu yosweka mpaka chaka chimathe. Ndiye anapitirira. Atapeza dongo labwino anayamba kuika kachidutswa kamodzi pa mtsuko uliwonse umene waukonda, kuti zichoke m'nyumba pang'onopang'ono, asamazione.

Ndinafunsa za chitseko.

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi mtsuko wamadzi, waukulu, wakuda mbali imodzi pomwe moto unanyambita, wofiira mbali inayo. Khosi lalitali. Mapewa aja. Pansi pa khosi panali kanyumba, chitseko chili chotsegula. Anauika patsogolo panga n'kubwerera pomwe anagwada, ndipo sananene kuti taonani.

Ndinaugogoda. Sunalire ngati wa ku Japan, mopyapyala ndi mopita kutali. Unalira mozama, pafupi, ngati munthu akuyankha ali m'chipinda.

Lilime langa linali litanyamuka kale. Linapeza kuti wapsa mbali imodzi. Linapeza kuti kunsi kwake n'kolemera. Mawuwo anafika mpaka kuseri kwa mano omwe anatsala, ndipo ndinawaluma. Chala changa chachikulu chinali paphewa la mtsuko, chikusisita, ndipo ndinaona kuti Ndaziona sakuyang'ana chalacho. Sanachiyang'anepo chibadwire. Ankayang'ana pakamwa.

Ndinati, “Ndi wabwino.”

Mawuwo anatuluka okhwinyata ngati ndalama yosungidwa mumpango. Ndinabwerezanso kuti awongoke. Ndinati ndi wabwino, Nachisale, ndipo uja unaswa pamwala unalinso wabwino, khosi lake linaima chilili, ndinaliyesa pathebulo. Ndayenda misika yonse ya pansi pano, woumba ngati iwe palibe.

Nsagwada za Ndaziona zinkayenda. Ine zokhala chete sindizitha, ndiye ndinafunsa kuti akugulitsa bwanji.

Anandiyang'ana, n'kutchula mtengo wokwera katatu, wosiya malo onenerera, monga momwe ndinamuphunzitsira ali wamng'ono. Ndinati chabwino. Ndinati ndalama ndilibe, koma ndili ndi ichi, n'kumasula chitenje, n'kukankhira mtsuko wa ku Japan kumaondo ake.

“Amayi, mukudwala?”

Ndinati sindikudwala.

“Osanenerera n'komwe? Si inu munkati woyamikira katundu waluza?”

“Ndaluza. Tenga.”

Anaseka, kuseka kwa m'mphuno kwa bambo ake, kenako kusekako kunasanduka zina ndipo anabisa nkhope m'chitenje. Ndinamusiya. Ndinanyamula mitsuko iwiriyo n'kukaiika pakhonde, woyera ndi wofiira, n'kuitembenuza mpaka mlatho unayang'anana ndi chitseko. Sizinalumikizane bwino. Wofiirawo unali wautali, chitseko chinali m'mwamba pang'ono, ndipo pakati panatsala mpata wolowa zala ziwiri. Ndinawerenga matabwa. Mayi wa ambulera anali pa lomaliza.

Ndinati iwe, ulira mpaka liti, munthu ndayenda, ndipatse madzi.

Anatunga mumtsuko womwewo, chikho chinalowa bwinobwino, n'kundipatsa ndi manja awiri. Madzi ake anali ozizira mpaka m'mano.

Ndinamuuzanso kuti ndi wabwino.